Mapazi Kuseri kwa Chinsalu

Chimene chinayamba kumudabwitsa ndi ulusi wa kangaude. Unali m'tsitsi la bambo ake, wautali, wotuwa ndi fumbi, wa mtundu umene umangopezeka kumene tsache silifika. Makiyi anauchotsa ndi zala, nauyang'anitsitsa pawindo, kenaka anakweza maso kudenga. M'chipinda mwake munalibe kangaude. Akanapezekamo bwanji mwini chipinda ali wosesa? Ndipo bambo akewo, chiwagwireni matenda ofa ziwalo, anali asanatulukepo pakhomo. Ankachoka pabedi kupita pampando, pampando kubwerera pabedi, zonsezo mochita kunyamulidwa. Mbali yakumanja inafa, mawu nawo anapita. Adokotala anati kukhosi kulibe vuto, chimene chinatsekeka ndi njira ya mawu m'mutu.

"Ababa, mwayamba kuyenda kuti masiku ano?" anafunsa moseka, akuwapukuta kumaso.

Bambo anangomuyang'ana. Atatembenuza dzanja lawo lamanzere, lamoyolo, kuti alisambitse, anapeza m'chikhatho muli dzimbiri.

Analibe nthawi yoti aganize. Dzina loti Makiyi anamupatsa ndi anthu a mumsewumo chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake, ndipo ankamumva asanamuone, pakuti kuyenda pang'onopang'ono sankakudziwa. Mmawa ankasesa holo yakale ya kanema, masana ankachapira anthu zovala, dzuwa likapendeka ankawoloka msewu kukasita nsalu kunyumba yogona alendo. Nthawi imeneyo bambo ankatsala ndi mlongo wawo, azakhali ake a Makiyi. Chipinda chimene ankakhalacho chinali kuseri kwa holoyo, ndipo chinali cha ntchito. Wogwira makiyi ndiye ankagona mmenemo.

Tsiku lomwelo atapita kukakolopa, anapeza ndowa yake yachitsulo palibe.

Holoyo inasiya kuonetsa kanema kalekale. Inkangobwerekedwa pa maukwati ndi misonkhano, ndipo mipando yake inkathyoka umodziumodzi popanda woikonza, pakuti kalipentala wa pamenepo anali bambo ake a Makiyi. Koma chaka chimenecho mwana wamkazi wa malemu mwini holo anabwerera kuchokera kumene anakhala zaka zambiri, ndipo potsegula kachipinda ka pamwamba anapezamo zitini za mafilimu zosanjikizana mpaka kudenga. Onse anali a zilombo, akale aja opanda mitundu, oyera ndi akuda basi. Adonawo anatsika masitepe akuthamanga ngati kamtsikana, chitini chili pachifuwa.

"Makiyi, ukuchidziwa ichi? Ndi chija cha mumgodi. Chija chotuluka m'madzi akuda chikukoka unyolo. Ine ndinachionera ndili pansi pa mpando, ndipo mwezi wathunthu sindinkapita ndekha kuchimbudzi."

"Ndiye mukufuna muchionenso?"

"Ndikufuna aliyense achione. Loweruka la sabata yamawa. Anthu akabwera, holo ikhala. Akapanda kubwera, pali wina akuifuna kuti azisungiramo simenti."

Nkhaniyo inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Azibambo a imvi ankaima pakhomo la holo kuwerenga chikwangwani, n'kuyamba kukangana kuti choopsa kwambiri chinali chiti, chamumgodi kapena chikangaude chachikulu ngati basi chija. Mayi wina wogulitsa sopo anauza Makiyi kuti mwamuna wake anamupezera mmenemo: chilombo chitabangula anagwira mkono wa munthu wosamudziwa, ndipo mpaka lero sanausiye. Achinyamata ankaseka, amvekere ife taonera zoopsa zenizeni pafoni, izi ndi zidole za mphira. Akuluakulu ankangowayankha kuti bwerani mudzamve kulira kwake, kenaka tidzakambirane. Pakuti aliyense ankadziwa mmene makanema a zilombo ankakhalira m'holo imeneyo. Anthu a m'filimu ankangogwedeza milomo, zonena zawo zitalembedwa m'munsi, nyimbo ikulira chapansipansi. Koma chilombo chokha chinkamveka, ndipo chinkamveka ngati chili m'chipinda momwemo.

Adona anaitanitsa mkulu amene ankayendetsa makina kale, amene anthu ankangowatchula kuti a Magalasi. Anabwera atavala jekete, napukuta makinawo masiku awiri, ndipo atawayatsa chithunzi chinatuluka chowala bwino. Koma mawu kunalibe. Chilombo chinkayasamula pachinsalu ngati ng'ona yowothera dzuwa, holo ili zii.

"Zawonongeka ndi kukhalitsa," anatero adona. "Ndapeza katswiri, abwera ndi chipangizo chake."

A Magalasi anavula magalasi awo, nawapukuta nthawi yaitali.

Ndowa itasowa, linatsatira ndi lata limodzi mwa amene anagulidwa kuti akonzere denga. Kenaka mmawa wina Makiyi anapeza geti lakumaso lili pululu, loko ali pansi wotsekeka bwinobwino, unyolo wake kulibe. Ali chiimire pamenepo, mlonda wa pasitolo yoyandikana nayo anamukodola.

"Mlongo, bwera kuno. Usandiseke."

"Nenani msanga, achimwene, zovala zikundidikira."

Mlondayo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Muli chinthu m'holo mwanumu. Kukangoti kwada, anthu akuweruka, chimayamba. Poyamba unyolo, ngati ukukokedwa pansi. Kenaka kubuula. Si galu, si munthu, ndipo si ng'ombe. Dzulo ndinamvanso mapazi. Limodzi limaponda, gu, linalo limakhwekhwerezeka."

"Mwayamba kumwa dzuwa lisanalowe?"

"Ine ndinasiya. Koma ndikamvanso ndiyambiranso."

Pofika masana mphekesera inali itafika kumsika n'kubwerako itanenepa. Ena amati malemu mwini holo sakufuna kuti zitini zake zikhudzidwe. Ena amati chinthu chikatsekeredwa m'chitini zaka zonsezo chimatuluka ndi njala. Adona anamuitanira Makiyi mu ofesi, natseka chitseko.

"Makiyi onse ali ndi iwe. Loko sanathyoledwe. Ndiye undiuze, ndiganize chiyani?"

"Sindinabepo ngakhale sopo pano, adona."

"Sindikunena kuti waba. Ndikunena kuti pali amene akulowa, ndipo akundithamangitsira anthu. Pofika Loweruka ndidziwe kuti ndi ndani. Zikapitirira, makiyi ndipatsa wina, ndipo chipinda chimapita ndi makiyi. Ukudziwa."

Ankadziwa. Ankadziwanso kuti palibe mwini nyumba amene amalandira mkazi wa mtolo umodzi ndi nkhalamba yochita kunyamula.

Madzulo a tsiku limenelo magetsi anazima iye atangoyamba kusita, ndipo anamuuza kuti azipita. Kunja kunali kutangoda, mumsewu anthu akadali yakaliyakali. M'malo mozungulira kupita kuchipinda, anatsegula chitseko chachikulu cha holo, nalowa, tochi ili m'manja koma yosayatsa. Munali mdima wa ndiweyani, ndi fungo lija la fumbi ndi nsalu zakale za mipando. Anaima, atagwira makiyi kuti asalire.

Poyamba anangomva kudontha kwa mpopi wa kuchimbudzi. Kenaka, kutsogolo kwenikweni, chitsulo chinakhudza chitsulo. Unyolo unayamba kuyenda pamatabwa, mphete imodziimodzi, mosafulumira, ngati woukokayo akudziwa kuti womuthawa alibe kolowera. Unaima. Ndipo kuchokera pansi penipeni panakwera liwu lolemera, lonjenjemera, limene linayamba ngati kudandaula kwa wodwala n'kumakula mpaka mipando yamatabwa inayamba kulira nalo. Makiyi analimva m'mano. Anayatsa tochi. Kuwala kunagwera pachinsalu choyera chija, ndipo chinsalucho chinali kufufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati mimba ya chinthu chopuma.

Mmene anatulukira sanadziwe. Anakapezeka ali pasitolo atagwira malaya a mlonda, ndipo mlondayo anakanitsitsa kusuntha, amvekere ntchito yake ndi kulondera shuga ndi mafuta, za mizimu sanalembedwere. Anakangana kwa kanthawi ndithu. Atatopa, Makiyi anathamangira kuchipinda, mtima uli pa bambo ake amene ankagona khoma limodzi ndi chinthucho.

Anawapeza ali pabedi, thukuta lili kamukamu, chifuwa chikukwera n'kutsika, maso akuwala ngati a munthu wa malungo. Azakhali anali pampando akusoka batani pa kandulo.

"Azakhali, simunamve?"

"Chiyani?"

"Holo yonse ikugwedezeka inu muli phee?"

"Makutu anga ndi akale, mwana wa achimwene. Wabwerako msanga bwanji lero?"

"Nanga bambo atani? Taonani thukutali."

"Kwatentha."

Koma kunali kusanatenthe. Ndipo powafunditsa, Makiyi anaona kuti azakhali akusoka batanilo ndi singano yopanda ulusi.

Usiku umenewo sanagone bwino, koma pofika mmawa mantha anali atasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo ankaudziwa kuugwiritsa ntchito. Lachisanu madzulo anatsanzika monga mwa masiku onse, nawoloka msewu anthu akuona, napempha mnzake kuti amusitire. Anabwerera chozemba, makiyi atawakulunga m'kansalu, nakakhala pansi pakati pa mipando ya mzere wachitatu, mpini wa tsache uli pamiyendo.

Kuwala kwa m'mawindo a pamwamba kunafiira, kenaka kunazima. Miyendo inachita dzanzi. Atatsala pang'ono kudzitukwana, anamva kulira kwa gudumu losadzozedwa mafuta, kwii, kwii, kukuchokera pansi pa siteji. Kunamveka thabwa likusuntha, kupuma kwa anthu onyamula katundu wolemera, kenaka kunong'ona. Linali liwu la mwamuna, lolankhula mosadukiza ngati pemphero.

"Madzi akuwira. Mutu watuluka. Chatembenuka, chaona nyali. Unyolo tsopano."

Unyolo unayenda.

"Chikukwera. Mtsikana wabisala kuseri kwa chitseko. Mphezi."

Lata linagwedezeka, ndipo bingu linagudubuzika m'holo monse.

"Chamuona. Tsopano."

Liwu lija linakweranso kuchokera pansi. Ulendo uno Makiyi sanathawe, anamvetsera mpaka kumapeto. Ndipo kumapetoko, kubangula kutatha mphamvu, kunatsala kamawu kakang'ono kothyoka, ngati kuseka kobisa. Kamawu kameneko ankakadziwa. Ali mwana, akakana kusamba, panali chilombo china chimene chinkamuthamangitsa chokwawa kuzungulira tebulo, ndipo chikamugwira chinkamaliza kubangula kwake chimodzimodzi.

Mpini wa tsache unagwa. Anakwera pasiteji, napatula chinsalu chakumbali, nayatsa tochi.

Bambo ake anali mu wilibala atawatsamiritsa pa mapilo, mutu uli m'ndowa yake yokolopera, dzanja lamanzere litagwira m'mphepete mwake. Azakhali anali ataimirira, unyolo wa pageti uli m'dzanja limodzi, lata m'dzanja linalo. A Magalasi anali atanyamula kandulo yotchinga ndi chipewa. Onse atatu anangoti kakasi ngati ana opezeka ndi shuga kukamwa.

"Zimitsa chinthucho, ukutithobwa m'maso," anatero azakhali.

"Inu anthu. Inu anthu akuluakulu," anatero Makiyi. "Ntchito yanga ikutha chifukwa cha inu. Munthu wodwala mukumukankha mu wilibala ngati mchenga? Mwalowera kuti?"

A Magalasi analoza pansi. Kuseri kwa mulu wa mipando yothyoka kunali kachitseko kotulukira kumbuyo, pafupi ndi chipinda chawo, kamene kunja kwake kanabisika ndi zitsulo zakale. Zaka zonse akusesa, Makiyi ankayesa ndi khoma.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Magalasi. "Katswiri uja kaya abwere kaya asabwere, palibe chimene angakonze. Makina amenewa mbali ya mawu inapsa iwe usanabadwe. Malemu bwana anali woumira, anakana kugula ina. Ine ndinkaika nyimbo pa galamafoni pamwambapo. Zotsalazo zinkachokera pano."

"Zonse?"

"Chilombo chilichonse chimene chinabangulapo m'holo muno ndi bambo akowa. Ukalipentala unali wa masana."

"Ine ndinkati ndikatseka windo la matikiti, n'kuthamanga kuzungulira kumbuyo," anatero azakhali. "Mabingu onse anali anga. Loko wa pageti uja ndinangomutsegula ndi kiyi wanga wakale, palibe anandiuza kuti ndibweze."

"Bwanji osandiuza?"

"Tinalumbira kwa malemu. Chilombo chikadziwika kuti ndi ndowa, ndani angachiope? Komanso ukanalola?"

"Ayi."

"Ndiye ukufunsiranji?"

Makiyi anagwada pambali pa wilibala, nachotsa ndowa ija pang'onopang'ono. Nkhope ya bambo inali yonyowa, yopotoka monga mwa masiku onse, koma mbali yamoyoyo inali kuseka. Zaka ziwiri ankawadyetsa, kuwasambitsa, kuwalankhula yekhayekha, osamva ngakhale kubuula. Anafuna kukalipa, koma anangowapukuta kumaso.

"Tsiku limene bambo akowa anamva makina aja akuyesedwa, analira madzulo onse," azakhali anatero motsitsa mawu. "Ndiye ndinawabweretsera ndowa kuti ndione. Mwana iwe, anangoilowetsa mutu."

"Nanga bwanji osangowauza adona? Mawa ndiye tsiku limene ayenera kudziwa."

"Ukawauza lero, aona nkhalamba zitatu ndi zinyalala, atithamangitsa, aonetsa chilombo chosalankhula, anthu akwiya, ndipo Lolemba mulowa simenti," anatero a Magalasi. "Asiye amve kaye. Munthu amene wanjenjemera savuta kukambirana naye."

Makiyi anayang'ana uku ndi uku. Panali timipando titatu tomwe tinaikidwa mu mzere. Kachitatu kanali patali, kumapeto kwenikweni kuseri kwa mulu wa mipando, pafupi ndi kachitseko. Patsogolo pake panali bokosi lathabwa, ndipo pabokosipo panali jombo ziwiri zazikulu, imodzi yokhomeredwa chitsulo kunsi. Zinali zokutidwa ndi fumbi lochindikala.

"Izi ndi za ndani?"

"Za a Mochedwa," anayankha azakhali. "Wamapazi wathu. Ankazivala m'manja n'kumaponda pabokosipo. Masana ankanyamula katundu kusiteshoni, ndiye ankafika filimu itayamba kale, tsiku lililonse, chilombo chitaponda kale kawiri popanda phokoso. Bambo akowa ankachita kumutukwanira m'ndowa. N'chifukwa chake kachitsekoka sititseka mpaka filimu ithe. Tinazolowera."

"Ali kuti?"

"Tinamuika m'manda chaka chimene holo inasiya kuonetsa kanema."

"Koma mlonda akuti anamva mapazi."

"Mlonda uja amamva ndi zimene kulibe. Ukuona wekha fumbilo, palibe wazikhudza." Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Manja uli nawo olimba. Vuto lako ndi phuma. Chilombo sichithamanga."

"Ine? Ayi. Ndili ndi zochita."

Koma anapezeka atakhala pakampando kaja, jombo zili m'manja, a Magalasi akumuwerengera masitepe monong'ona. Gu, kenaka kukhwekhwereza. Azakhali anati akuponda ngati munthu wothamangira basi. Anabwereza mpaka mapewa anawawa, ndipo sizinakhale bwino kwenikweni, koma anati zikwana.

Loweruka katswiri anatumiza uthenga woti wadwala. Adona anayendayenda mu ofesi akuluma zala, ndipo a Magalasi anawauza modekha kuti ayesa kugwiragwira mawaya, mwina zitheka. Chimene adona ankaopa kwambiri, choti anthu sabwera chifukwa cha mphekesera, chinatembenuka. Dzuwa lisanalowe mzere unali utadutsa sitolo n'kukhota pakona. Anabwera a ndodo, anabwera a makanda kumsana, anabwera achinyamata onyoza aja, ndipo aliyense ankafunsa chinthu chimodzi: kodi n'zoona kuti muli chinthu? Akauzidwa kuti anthu akutero, ankakankhana kuti alowe msanga.

Makiyi anathandiza kulowetsa bambo pakachitseko kusanade, nawakhazika bwino, nabwerera kumaso kukalandira anthu. Anagwirizana ndi azakhali kuti magetsi a m'holo akangozima azungulira kumbuyo. Koma holo itadzaza, kunja kunatsala khamu losafuna kubwerera, ndipo geti linalibe unyolo. Unyolo unali kuseri kwa chinsalu m'manja mwa azakhali.

"Gwira getilo," anatero adona. "Usasunthe pamenepo. Akalowa onsewa tiphana."

"Adona, ndiyenera ndipite kumbuyo."

"Kukatani? Ukachoka apa usabwerenso."

Anakanikiza getilo ndi phewa, mlonda akumuthandiza mbali inayo, anthu akuchonderera pakati pa zitsulo. Chitseko cha holo chinali chotsegula pang'ono chifukwa cha kutentha, ndipo ataponya khosi ankaona chidutswa cha chinsalu. Nyimbo inayamba. Madzi akuda anawira. Mutu wonga chitsa chopsa unatuluka, ndipo unyolo unalira. Holo yonse inakoka mpweya nthawi imodzi. Bingu linagunda, makanda analira, ndipo bambo ake atabangula, mayi wina anakuwa, anthu n'kuseka ndi mantha, mnyamata wina wa foni uja atabisa nkhope m'malaya a mnzake. Ngakhale a pageti anasiya kukankha, anangomata makutu kuzitsulo.

Makiyi ankaseka misozi ikutsika. Kenaka anaona masitepe pachinsalu, ndi phazi lalikulu likunyamuka, ndipo mtima unagwa. Pakampando kachitatu panalibe munthu.

Phazilo linatera.

Gu.

Linalo linatsatira likukhwekhwerezeka, chitsulo chikukanda thabwa pang'onopang'ono mpaka m'mano kuchita nyeng'enyeng'e. Gu. Sikunali kuponda kwa munthu wophunzira dzulo. Kunali kolemera, kotopa, kwa chinthu chimene chayenda mtunda wautali m'mdima ndipo chikudziwa kuti pamwambapo palibe amene achilandire. Pakati pa masitepe chinapumira, ndipo mapaziwo anapumira nacho. M'holo munalibe wotsokomola.

"Ndi amenewo," mlonda ananong'ona, nkhope itatuwa. "Ndi amene ndinamva aja."

Pamapeto chilombo chinagwera m'madzi, chikutambasulira mtsikana uja dzanja, ndipo liwu la m'ndowa linazilala ngati kulira kwa mwana. Magetsi atayaka, azibambo a imvi ankapukuta m'maso mobisa. Kenaka m'manja munawombedwa mpaka fumbi kugwa kudenga. Anthu ankatuluka akugwirana mapewa, akufunsa kuti chikangaude chija chibwera liti.

Makiyi anasiya geti n'kuthamanga, ndipo adona, amene anaona kumene akulowera, anamutsatira mpaka pakachitseko. Analowa chowerama, nakaimirira kuseri kwa chinsalu chawo chomwe, akuyang'ana wilibala, lata, unyolo wa pageti ndi nkhalamba ya ndowa pamiyendo. A Magalasi nawo anali atatsika.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chilombo chanu, adona," anatero Makiyi. "Munati mudziwe pofika Loweruka."

Adona anatola ndowa ija, naitembenuza, nasuzumiramo. "Mwezi wathunthu," anatero pang'onopang'ono. "Mwezi wathunthu ndinkadzutsa amayi kuti andiperekeze kuchimbudzi. Chifukwa cha ndowa." Kuseka kunawagwira mpaka anakhala pansi pafumbi. Atapuma anagwira dzanja lamanzere la bambo ndi manja awo onse awiri. "Munthu asamve zimenezi. Makiyi, mawa ukagule unyolo wina wa pageti, uwu ndi wa pano. Ndipo wilibalayi ichoke, tipeza mpando wa magudumu. Makiyi ako sunga."

"Koma iwe mwana wa achimwene wandinyaditsa," anatero azakhali akupukuta thukuta. "Dzulo unkaponda ngati mbuzi pa lata. Lero ndinachita tsemwe. Ndinamva kachitseko kakutseguka, kamphepo n'kundiwomba m'miyendo, ndinati wafika mwana wanga."

"Makiyi?" anatero adona. "Makiyi anali pageti ndi ine mpaka magetsi kuyaka."

A Magalasi ananyamula kandulo, ndipo onse anasuzumira kuseri kwa mulu wa mipando. Pakampando panalibe munthu. Jombo zinali pabokosi, koma osati mmene Makiyi anazisiyira dzulo atangoziponya. Zinali zitaikidwa bwinobwino, zidendene pamodzi, zingwe zitalowetsedwa m'kati. Makiyi anapisa dzanja mu imodzi, nalibweza msanga. Munali mofunda.

Kumbuyo kwawo kunamveka kakuseka kothyoka kaja. Bambo anali kuyang'ana kachitseko, kamene kanali kakugwedezeka pang'ono ngakhale kunja kunalibe mphepo. Milomo yawo inalimbana kwa nthawi, mtsempha wa m'khosi utatupa, ndipo mawu anatuluka olemera, opotoka, koma omveka kwa aliyense.

"Lero," anatero, napuma. "Sanachedwe."